Khonsolo Isaiwale Bwalo la Luso ku Kauma

Chaka chilichonse, pamene makhonsolo a m'dziko muno akukonza ndondomeko ya chuma imene imayamba kugwira ntchito pa 1 Epulo, pamakhala mzere umodzi umene cholembera chimafulumira kuufufuta ndalama zikaoneka kuti zaperewera. Mzere umenewu ndi wa zachikhalidwe, luso ndi malo osonkhanirapo anthu. Amene amafufuta sachita zimenezi chifukwa cha nkhanza ayi. Mkulu wosunga chuma cha khonsolo amakhala ndi zinyalala zoti zichotsedwe, misewu yokumbika, malipiro a antchito ndiponso ngongole za madzi ndi magetsi, ndipo akayang'ana nyumba imene anyamata amaimbiramo ng'oma amaganiza kuti imeneyo ingathe kudikira chaka chamawa. Komatu mbiri ya dziko lino idaonetsa kale kuti nyumba ya luso ikangokhala kanthawi kochepa yopanda woisamala, mtengo woibwezeretsa umaposa kutalitali ndalama zimene anthu ankati apulumutsa. Nkhani imeneyi ikukhudza kwambiri mzinda wa Lilongwe, makamaka madera onga Kauma, kumene achinyamata ndi ochuluka zedi koma malo oti aphunzirirepo ndi kuonetserapo luso lawo ndi osowa.

Phunziro lalikulu pa nkhaniyi lili ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre. Kwa zaka zoposa 30, boma la France lidayendetsa malo otchedwa French Cultural Centre, amene adali ndi holo, bwalo lapanja la zisudzo, nyumba yowerengeramo mabuku ndi zipinda zophunziriramo. Anthu a m'badwo umenewo akukumbukira bwino lomwe mmene khamu linkadzazira pamalopo Lamulungu masana. Gulu la Wakhumbata, limene malemu Du Chisiza Jr adaliyambitsa m'chaka cha 1987, lidatchukira pabwalo limenelo. Gulu la Kwathu, m'mene mudali malemu John Nyanga ndi malemu Eric Mabedi, odziwika ndi maina akuti Izeki ndi Jakobo, linkaseketsa ndi kulangiza anthu pomwepo. Malemu Gertrude Kamkwatira, gulu loyimba la Black Missionaries, alakatuli ndi ana asukulu ochita mipikisano ya zisudzo, onsewo adapondapo. Munthu wa ku Ndirande, ku Zingwangwa kapena ku Bangwe ankalipira kangachepe pakhomo ndi kubwerera kwawo madzulo ataona ntchito ya akatswiri, mwinanso ali ndi maganizo oyambitsa gulu lakelake.

M'chaka cha 2011 eni ake adachoka, ndipo Boma la Malawi lidagula malowo pa mtengo wa K300 miliyoni. Kugulako kudali kwanzeru, pakuti malo otere sakadayenera kugwa m'manja mwa munthu wofuna kumangapo nyumba za malonda. Cholakwika chidachitika pambuyo pake. Malowo adakhala opanda chitetezo chokwanira, ndipo pasanapite nthawi yaitali mbava zidalowa, kuba katundu ndi zipangizo ndi kusiya nyumbazo zili zophwasuka. Pambuyo pake adapatsidwa dzina latsopano lakuti Blantyre Cultural Centre, koma ntchito yowakonza idayenda mwa apo ndi apo kwa zaka zoposa 10, ikumaima ndalama zikatha ndi kuyambiranso zikapezeka. Anthu aluso sadakhale chete. Adadandaula m'nyuzipepala ndi pa wailesi chaka ndi chaka, ndipo ena adapitiriza kuchitira zisudzo, nyimbo ndi ndakatulo m'malo ophwasukawo kuti Boma ndi anthu asawaiwale. Kulimbikira kwawo ndiko kudachititsa kuti nkhaniyo isafere m'mafayelo a ku Capital Hill.

Pa nkhani ya ku Chichiri pali mfundo ziwiri zimene aliyense wogwira ntchito m'Boma ndi m'makhonsolo ayenera kuzisunga pamtima. Mfundo yoyamba ndi yakuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Dziko la France lidathandiza kwa zaka zambiri ndipo liyenera kuyamikidwa, koma tsiku limene ndondomeko zake zidasintha, mzinda wonse wa Blantyre udatsala wopanda bwalo lodalirika. Mfundo yachiwiri ndi yakuti kugula kapena kumanga nyumba ndi theka chabe la ntchito. Theka linalo ndi ndalama zazing'onozing'ono za mwezi ndi mwezi, zolipirira alonda, woyang'anira malo, madzi, magetsi ndi mmisiri wokonza denga likayamba kudontha. Ndalama zimenezi sizikhala ndi mwambo wodula riboni, ndiye chifukwa chake zimafufutidwa msanga. Koma malipiro a alonda a chaka chathunthu akadakhala kadontho chabe poyerekeza ndi zimene dziko lidawononga pokonzanso nyumbazo. Madzi akatayika saoleka, ndipo zaka zimene ana a ku Blantyre adakula opanda bwalo lawo palibe amene angawabwezere.

Mzinda wa Lilongwe uli ndi vuto lamtundu wina, pakuti iwo udayamba wakula usanakhale ndi malo otere. Maganizo osamutsa likulu kuchoka ku Zomba adavomerezedwa m'chaka cha 1965, bungwe lomanga likulu la Capital City Development Corporation lidakhazikitsidwa mu 1968, ndipo Lilongwe idakhala likulu la dziko mu 1975. Amisiri a mapulani adajambula maofesi a Boma, misewu yotakasuka, madera a nyumba ndi malo a mafakitale ku Kanengo. Patapita zaka, mzindawu udalandira Nyumba ya Malamulo yatsopano mu 2010, malo a misonkhano a Bingu International Convention Centre mu 2012 ndi bwalo lalikulu la zamasewero la Bingu mu 2017. Zonsezi ndi chitukuko chooneka ndi maso. Koma pofika chaka cha 2025, pamene Lilongwe idakwanitsa zaka 50 ili likulu, mzindawu udali usanakhale ndi nyumba ya zisudzo ya dziko lonse. Holo zazikulu zimene zilipo mtengo wake wobwerekera sungafikirike ndi gulu la achinyamata a ku Kawale, kwa Biwi, kwa Chinsapo, ku Area 25 kapena ku Mgona.

Kalembera wa chaka cha 2018 adapeza kuti mu mzinda wa Lilongwe mudali anthu 989,318, ndiponso kuti pafupifupi theka la anthu onse a m'dziko muno adali osakwana zaka 18. Bungwe la UN-Habitat lidalemba mu 2011 kuti pafupifupi anthu atatu mwa anayi alionse a mu mzindawu ankakhala m'madera amene adakula popanda mapulani. Kauma ndi limodzi mwa madera amenewa. Lili chakum'mawa kwa mzinda, kufupi ndi nyumba zikuluzikulu za ku Area 12 ndiponso osati kutali ndi maofesi a Boma. M'mamawa uliwonse anthu a ku Kauma amatuluka wapansi ndi panjinga kupita kukagwira ntchito za ulonda, za m'nyumba, za m'maluwa, za umisiri womanga ndi geni yamitundumitundu m'madera a anthu opeza bwino. Thukuta lawo ndi limene limasamala mbali yokongola ya likulu. Ana awo akaweruka kusukulu, magulu a kwaya, a zisudzo ndi a magule amadalira chipinda cha sukulu, khonde la tchalitchi kapena mthunzi wa mtengo, ndipo mvula ikagwa kapena mwini malo akawafuna malo ake, zokonzekera zimathera pomwepo.

Pali chinthu china chimene anthu a mu mzinda ayenera kukumbukira za Kauma. Kumeneko ndi kumene kuli madamu oyeretsera madzi a zonyansa ochokera m'madera ambiri a likulu. M'chaka cha 2017, Banki Yaikulu ya Dziko Lonse idavomereza ndalama zokwana madola 100 miliyoni a ku America za ntchito ya madzi ndi ukhondo mu Lilongwe, ndipo mbali ina ya ntchitoyo idali yokonza ndi kukuza malo a ku Kauma amenewa. Ntchito imeneyi idali yofunika ndithu pa umoyo wa anthu onse. Koma ikuonetsanso kuti mzinda umaidziwa bwino njira ya ku Kauma pamene uli ndi katundu woti ukatule kumeneko. Dera limene lasenza mtolo wotere m'malo mwa mzinda wonse lili ndi chifukwa chomveka chopemphera kuti mzinda womwewo ulikumbukire pogawa zabwino. Ena amati madera opanda mapulani salipira msonkho wa nyumba ku khonsolo, kotero sangayembekezere zambiri. Koma mayi wogulitsa tomato pamsika amadula chiphaso tsiku ndi tsiku, ndipo aliyense wogula sopo, mafuta ophikira kapena mayunitsi a foni amalipira msonkho umene umalowa m'thumba la Boma.

Umboni wakuti nyumba ya luso m'dera la anthu wamba imabala zipatso uli mu mzinda momwemu. Bungwe la Music Crossroads lidakhazikika ku Area 23, pakati pa anthu, ndipo m'chaka cha 2013 lidatsegula sukulu ya zoimbaimba ndi thandizo lochokera ku dziko la Norway. Kumeneko anyamata ndi atsikana akhala akuphunzira kuwerenga manotsi a nyimbo, kuimba zida zamakono ndi zamakolo ndiponso kusamala zipangizo za mawu, ndipo magulu onga Hear Us Children ndi Daughters Band adatulukira pamalo amenewa. Umboni wina ndi gulu la Madalitso Band. Anyamata awiri, Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni, adakhala zaka zambiri akuimba m'misewu ya Lilongwe ndi gitala ndi babatoni wopanga okha, anthu akumawaponyera makobidi. M'chaka cha 2017 adakaimba pa chikondwerero cha Sauti za Busara ku Zanzibar, ndipo kuchokera pamenepo adayamba kuitanidwa m'maiko a ku Ulaya. Iwowa adachita mwayi wokumana ndi anthu amene adawatsegulira khomo. Nzosakayikitsa kuti ku Kauma, ku Mgona ndi kwa Chinsapo kuli ena aluso lofanana nalo amene mwayi wotere sudzawapeza pamsewu.

Nkoyenera kuyankha mwachilungamo anthu amene amati khonsolo ili ndi mavuto aakulu kuposa ng'oma ndi zisudzo. Mawu awo ali ndi maziko. Ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mtengo wa mafuta a galimoto, simenti ndi malata udakwera kwambiri. Mliri wa kolera umene udayamba mu Malichi 2022 udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zidachedwa kutsegulidwa chifukwa cha matendawa. Palibe munthu wanzeru amene anganene kuti galimoto yochotsa zinyalala iime kuti pamangidwe nsanja ya zisudzo. Koma kuika zinthu ziwirizi pa sikelo ngati kuti china chiyenera kufa kuti chinzake chikhale moyo ndiko kulakwitsa. Pa nthawi ya mliri, ogwira ntchito zaumoyo amafuna malo osonkhanitsirapo anthu ndiponso anthu odziwa kulankhula mokopa khamu. Malo amenewo ndi bwalo la m'dera, ndipo anthu amenewo ndi azisudzo ndi oyimba a m'dera lomwelo, amene amadziwa chitsime chimene anthu amatungapo ndi mawu amene angawafike pamtima.

Zimenezi si zachilendo m'Malawi. M'zaka za m'ma 1980, gulu la zisudzo loyendayenda la ku Chancellor College, motsogozedwa ndi aphunzitsi onga Chris Kamlongera ndi David Kerr, lidagwiritsa ntchito masewero pokambirana ndi anthu a m'midzi za ukhondo, zitsime ndi zipatala, makamaka m'madera ozungulira Liwonde. Wailesi ya MBC idaphunzitsa mtundu wonse kudzera m'masewero onga Kapalepale ndi Pamajiga, ndipo pa nthawi imene matenda a Edzi adafika poipa, masewero a Tikuferanji ndi Zimachitika adalankhula zimene makolo ambiri ankachita nazo manyazi kuuza ana awo. Maunduna a zaumoyo, zaulimi ndi zamaphunziro akhala akuitana anthu aluso nthawi zonse akafuna kuti uthenga ufike msanga. Nchinthu chosayenera kuti anthu omwewo akumbukiridwe pa tsiku la mavuto lokha, pamene masiku ena onse alibe ngakhale chipinda chosungiramo ng'oma zawo. Luso lili ngati munda. Wofuna kudzakolola m'nyengo ya njala ayenera kupalira m'nyengo ya dzinja.

Palinso nkhani ya ulemu wa mtundu. Bungwe la UNESCO lidazindikira Gule Wamkulu ndi Vimbuza m'chaka cha 2005 ngati chuma cha anthu a pa dziko lonse lapansi, kenaka Tchopa mu 2014, kaphikidwe ka nsima mu 2017, Mwinoghe mu 2018 ndiponso luso la sansi mu 2020. Alendo ochokera kunja akafika pa bwalo la ndege la Kamuzu, kapena pakakhala mwambo waukulu wa Boma, magule amenewa ndi amene amaitanidwa kudzasonyeza kuti Malawi ndi dziko la chikhalidwe chakechake. Koma mwana wobadwira mu mzinda sakhala ndi bwalo la kwa mfumu ngati mnzake wa kumudzi, kumene chimtali, chisamba ndi mganda zimaphunzitsidwa mwezi ukawala. Ku Kauma kukukhala Achewa, Ayao, Alomwe, Atumbuka, Angoni, Asena, Atonga ndi ena ambiri, ndipo nyumba ya luso m'dera lotere ndi malo amene ana a mitundu yonseyi angaphunzire magule a makolo awo ndi a anzawo. Gawo 26 la Malamulo Oyendetsera Dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wotenga mbali pa chikhalidwe chimene wasankha. Ufulu wopanda malo ochitirapo umakhala wa papepala chabe.

Maiko ena akumana ndi mayeso omwewa, ndipo zimene zidawachitikira zingathandize. Mu Seputembala 2023 khonsolo ya mzinda wa Birmingham ku England idalengeza kuti chuma chake chasokonekera, ndipo mu 2024 idagamula kudula ndi theka thandizo lake ku mabungwe a luso, ndi kulithetseratu chaka chotsatira. Izi zikusonyeza kuti ngakhale m'maiko olemera, mzere wa luso ndi umene umayamba kukhudzidwa. Koma ku tawuni ya Oldham zinthu zidatha mosiyana. Nyumba ya zisudzo ya Coliseum, imene idatumikira anthu kwa zaka zoposa 100, idatsekedwa mu Malichi 2023 bungwe loona za luso m'dzikomo litaleka kuithandiza. Anthu a m'tawuniyo pamodzi ndi azisudzo adapanga komiti, adachititsa misonkhano ndi kukambirana ndi makhansala kwa miyezi yambiri osatopa, mpaka mu Julaye 2024 khonsolo idalengeza kuti iwononga mapaundi 10 miliyoni pokonza nyumbayo kuti itsegulidwenso. Kufupi ndi kuno, matchona amene adakhala ku Zimbabwe amadziwa holo za Stodart ku Mbare ndi Stanley ku Makokoba, ndiponso malo ophunzitsira luso la manja a Mzilikazi amene khonsolo ya Bulawayo idatsegula mu 1963. Oyimba, azisudzo ndi oumba ambiri a m'dzikomo adayambira m'nyumba za khonsolo zimenezi.

Malamulo ndi njira zopezera ndalama zilipo kale m'Malawi muno. Lamulo la maboma aang'ono la chaka cha 1998 lidapatsa makhonsolo udindo wosamala malo othandiza anthu onse, kuphatikizapo malo achisangalalo. Ndondomeko ya mphamvu ku anthu ya chaka chomwecho idanena kuti 5 peresenti ya ndalama zimene Boma limatolera m'dziko muno izipita ku makhonsolo, ngakhale kuti kwa zaka zambiri makhonsolo akhala akudandaula kuti zimene amalandira sizifika pamenepo. Kuyambira mu 2005 mpaka mu 2014 makhonsolo adakhala opanda makhansala osankhidwa, ndipo m'zaka zimenezo anthu a m'madera adasowa wowalankhulira pa nkhani zonga izi. Thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu lidayamba mu 2006. Ndondomeko ya dziko ya zachikhalidwe idavomerezedwa mu 2015. Lamulo la umwini wa luso la 2016 lidabweretsa msonkho wa pa zipangizo zojambulira ndi kusungira nyimbo, ndipo bungwe la COSOMA lakhala likupereka thandizo kwa anthu aluso kuchokera m'thumba lochokera ku msonkhowo. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo lokhazikitsa bungwe la dziko loona za luso ndi chuma cha makolo pamodzi ndi thumba lake. Chotsala ndi kuti zitsime zonsezi zitumize madzi mpaka ku Kauma.

Chimene anthu a ku Kauma akusowa si nyumba yagalasi yonga ya ku City Centre. Ndi kachigawo ka malo kolembedwa m'mabuku a khonsolo kuti ndi ka anthu onse, kokhala ndi mpanda, chisakasa chachikulu cha malata chokhala ndi nsanja, chipinda chokhoma chosungiramo zida, zimbudzi, mpopi ndi magetsi, ngakhale a dzuwa. Ntchito yoyamba ya Khonsolo ya Mzinda wa Lilongwe, mogwirizana ndi Unduna wa za Malo ndi mafumu a m'deralo, ndi kupatula malo amenewa tsopano lino, pakuti madera onga Kauma amadzaza msanga ndipo malo amene ali poyera lero mawa amapezeka atamangidwapo nyumba. Pakadafunda padajiwitsa galu. Ntchito yachiwiri ndi kuika mu ndondomeko ya chuma mzere woonekera wa malipiro a mlonda ndi woyang'anira, wa madzi, magetsi ndi zokonzakonza, ndi kugwirizana kuti mzerewo usamakhudzidwe ndalama zikachepa pakati pa chaka. Ntchito yachitatu ndi kuyang'ananso holo ndi mabwalo onse amene khonsolo ili nawo kale, kuona mmene alili ndi kupatula masiku ena pa sabata oti magulu a achinyamata azigwiritsa ntchito pa mtengo wotsika. Nkwabwino kuti holo izibweretsa ndalama za maukwati ndi misonkhano, koma ikamadzaza ndi zimenezo zokhazokha, cholinga chimene idamangidwira chimatayika.

Ogwira ntchito m'Boma ali ndi mbali yawo yaikulu. Nkhani ya ku Chichiri idasonyeza kuti chuma cha Boma chimawonongeka pa nthawi imene chikuchoka m'manja mwa wina kupita m'manja mwa wina, aliyense akuganiza kuti mnzake ndiye akuyang'anira. Mlembi wamkulu wa unduna, mkulu wa khonsolo ndi wowerengera chuma ayenera kuonetsetsa kuti nyumba iliyonse ya anthu onse ili ndi ofesala wodziwika ndi dzina amene adzayankhe ikawonongeka, ndiponso kuti ntchito yomanga isavomerezedwe popanda kusonyeza kumene ndalama zoisamalira zidzachokere. Atsogoleri a ndale m'nthambi ndi m'madera, amene amakhala ndi anthu tsiku ndi tsiku, akudziwa bwino kumene achinyamata amathera nthawi yawo akasowa chochita: m'mashabini, pa juga ndi m'tinyumba toonetsa kanema wosayenera ana. Iwowa ndiwo ayenera kukhala oyamba kutengera nkhaniyi kwa khansala ndi kwa phungu. Ayeneranso kuteteza mfundo yakuti bwalo la luso ndi la mwana aliyense wa m'deralo, posayang'ana mpingo, mtundu kapena mbali imene makolo ake amatsata, chifukwa malo amene akhala a gulu limodzi amafa tsiku limene gululo lachoka pa udindo.

Anthu aluso nawo asayembekeze kuti zinthu ziwagwera kuchokera kumwamba. Mutu umodzi susenza denga. Magulu a kwaya, a zisudzo, a magule, alakatuli, osema ziboliboli, oluka ndi ojambula zithunzi a ku Kauma ayenera kukhala pansi pamodzi, kusankha komiti ya amuna ndi akazi okhulupirika, kulemba malamulo ake ndi kutsegula buku la ku banki losainira anthu angapo. Ayenera kulemba m'kaundula magulu onse amene alipo, chiwerengero cha mamembala awo ndi kumene amakonzekerera, pakuti khonsolo imamva msanga pempho lobwera ndi manambala kusiyana ndi madandaulo apakamwa. Pempholo lidzere kwa mafumu, ku komiti ya chitukuko ya m'wodi ndi kwa khansala, lili lolembedwa ndi losainidwa ndi makolo, aphunzitsi ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za Boma, limene lidayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, limawalola kufunsa mwaulemu kuti khonsolo yaika ndalama zingati pa zachikhalidwe ndiponso kuti zagwira ntchito yanji. Ndipo pamene akudikira yankho, asaleke kuonetsa luso lawo poyera mwezi ndi mwezi, kuitana akuluakulu kuti adzaone ndi maso awo.

Amalonda ndi mabungwe a kunja angathe kuthandiza ndi simenti, malata, zida zoimbira ndi aphunzitsi, ndipo thandizo lawo liyenera kulandiridwa ndi manja awiri. Koma chaka cha 2025 chidakumbutsanso dziko lino mmene thandizo la kunja limathera mwadzidzidzi, pamene boma la America lidaimitsa ntchito zambiri za bungwe lake la USAID. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Maziko a nyumba ya luso, ndiwo malo, mlonda ndi woyang'anira, ayenera kukhala pa ndalama za m'dziko muno, kuti wothandiza akachoka chitseko chisatsekedwe. Anthu a m'deralo nawo angathe kuumba njerwa, kututa mchenga ndi kusonkha kangachepe pakhomo, monga mmene akhala akuchitira pomanga midadada ya sukulu ndi matchalitchi awo. Chinthu chimene anthu adakhetserapo thukuta amachilondera okha, ndipo mbava imaopa kulowa m'nyumba imene mudzi wonse umaitcha yawo.

Makhansala a mzinda wa Lilongwe akakhala pansi kukambirana ndondomeko ya chuma, ayenera kukhala ndi nkhani ya ku Chichiri patsogolo pawo. Dziko lidalipira K300 miliyoni kugula malo, lidalipiranso kuwakonza atawonongeka, ndipo m'badwo wathunthu wa achinyamata udalipira ndi zaka zawo. Likulu lili ndi mwayi wophunzira popanda kulipira mtengo womwewo. Kupatula malo ku Kauma ndi kusunga mzere waung'ono wa ndalama zowasamalira ndi zinthu zimene khonsolo ingathe kugamula pa msonkhano umodzi, ndipo zikatheka kumeneko, njira yomweyo idzatsatidwa ku Mgona, kwa Chinsapo ndi m'madera ena onse amene akudikira. Anthu a ku Kauma akonze pempho lawo, khansala alitengere m'nyumba ya khonsolo, ndipo akuluakulu a mzinda aliyankhe chaka cha chuma chisanayambe.